Yalani bwino malonda anu, koma musathire madzi mumkaka

Pitani pamalo aliwonse ojambulitsira mapepala, kaya ku Limbe, ku Old Town ku Lilongwe, kapena pafupi ndi positi ofesi ya paboma lanu, m'mawa wa tsiku limene nyuzipepala zalengeza ntchito zambiri. Simulephera kupezapo mnyamata kapena mtsikana atapanira maenvulopu a khaki m'khwapa, akuuza mwini makina kuti, "Achimwene, mundichitireko makope 20." Pepala lake ndi limodzi lomwelo, CV (mbiri ya maphunziro ndi ntchito zake) imene mnzake anamulembera chaka chimene anamaliza sukulu. Kope lina lipita kubanki, lina kukampani ya fodya ku Kanengo, lina kusukulu ya pulaiveti, lina kubungwe losamalira ana amasiye. Akatero amakakhala pakhonde n'kumadikira foni, foniyo osalira. Pakatha miyezi ingapo amapezeka mnzake womufunira zabwino, n'kumunong'oneza kuti, "Iwe chikukupha ndi chilungamo chakocho. Ungolembapo zaka zitatu za ukalaliki, afufuza ndani?"

Ine ndikutsutsana nawo onse awiri, wa makope 20 ndi mnzake wonong'onezayo. Onsewa akuona ngati njira zilipo ziwiri zokha: kutumiza mbiri yako yonse mmene ilili, kuyambira satifiketi ya Sitandade 8, kapena kunama. Pakati pa ziwirizi pali munda waukulu umene ambiri sitiulima. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu akaona basi yaima, sakhuthulira dengu lonse pawindo. Amayang'ana wogula. Wotsikira pa Ntcheu amamupatsa wakupsa woti akaphike lero, wopita ku Blantyre amamusankhira wolimbako woti akafike wosaphwanyika. Tomato yense ndi wa m'dimba mwake, ndipo palibe amene anganene kuti mayiyu ndi kamberembere. Kamberembere ndi uja amabisa wowola pansi pa mulu, kapena wogulitsa mkaka amene amadzera pamjigo asanafike kumsika. CV imafuna nzeru za mayi wa pa Lizulu.

Ndakhalapo kangapo m'gulu losankha anthu oti aitanidwe ku intavyu, pabungwe laling'ono limene sinditchula dzina. Ndikuuzeni mmene zimakhalira, chifukwa ofunsira ntchito ambiri amaganiza kuti kalata yawo imawerengedwa ngati kalata ya chibwenzi, liwu ndi liwu. Timakhala anthu atatu kapena anayi, katoni ya maenvulopu pakati, pambali pepala la zofunika zimene zinalembedwa pa chilengezo cha ntchito. Woyamba amatsegula envulopu, n'kuponya maso pa tsamba loyamba kufunafuna zinthu za papepala lija. Zikaoneka, envulopu ipita kumanja. Zikapanda kuoneka, ipita kumanzere, ngakhale zitakhala kuti zabisala pa tsamba lachinayi, pansi pa mndandanda wa mipingo, mtundu, mudzi, mfumu yaikulu ndi zokonda kuchita pa nthawi yopuma. Ikamakwana 3 koloko masana maso atopa, njala yaluma, chifundo chatha. Si nkhanza ayi, ndi kuchuluka kwa mapepala. Mabungwe akuluakulu amene amalandira makalata pa intaneti ena mwa iwo amayamba asefa ndi kompyuta, imene imafufuza mawu a pa chilengezo mu CV yanu munthu asanaione n'komwe. Choncho amene watumiza pepala limodzi kumalo 20 walankhula ndi mphepo. Sananame, inde, koma sanayankhe funso limene anafunsidwa.

Nkhaniyi ndinaimvetsa bwino chifukwa cha mwana wa mchemwali wanga. Mtsikanayu ali ndi MSCE ndi dipuloma ya zachitukuko cha m'madera. Anabwera kwanga ndi CV ya masamba atatu, ndipo pa gawo la ntchito zimene anagwirapo panali mzere umodzi wokha: miyezi itatu yophunzira ntchito ku ofesi ina ya boma. Anandipempha, maso ali pansi, kuti ndimuthandize kupeza kalata yosonyeza kuti anagwirapo ntchito kubungwe lathu. "Amalume, anzanga onse akutero," anatero. Ndinakana, koma ndinamuuza kuti akhale pansi andifotokozere zimene wakhala akuchita chimalizireni Fomu 4. Poyamba anati palibe, wangokhala. Nditamufunsitsa zinayamba kutuluka chimodzichimodzi. Mu 2018 anali m'gulu la owerenga anthu pa kalembera wa dziko lonse, akuyenda khomo ndi khomo ndi tabuleti. Kwa zaka ziwiri ankakhala m'kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba ka mlamu wake, kulandira ndi kupereka ndalama, kuwerengetsa madzulo aliwonse. Ndi mlembi wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lawo, ndipo buku la masheya ndi ngongole amasunga ndi iye. Namondwe wa Freddy atawononga mu March 2023, anadzipereka kukalemba maina a anthu pa msasa wina wa othawa madzi. Zonsezi iye sankaziyesa ntchito, poti panalibe ofesi, panalibe tayi, panalibe malipiro a pa mwezi olowa kubanki.

Sabata imeneyo kunali ntchito ziwiri zimene ankazifuna. Ina inali yotolera mfundo m'midzi pa kafukufuku wa bungwe lina, ina inali ya ukeshiya kukampani yobwereketsa ndalama. Tinalemba ma CV awiri, iliyonse masamba awiri. Ya kafukufuku inayamba ndi kalembera wa 2018, kenako msasa wa Freddy: kufunsa anthu mafunso m'Chichewa ndi m'Chiyao, kulowetsa mayankho mu tabuleti, kusunga chinsinsi cha oyankha, kuyenda mitunda wapansi. Kabenchi ka ndalama kanatsikira pansi, mizere iwiri basi. Ya ukeshiya inatembenuka: pamwamba kabenchi ndi banki m'khonde, kuwerengetsa ndalama tsiku ndi tsiku, kulemba ngongole ndi chiwongoladzanja, kulondola obweza mochedwa popanda kudana nawo. Kalembera anatsikira pansi. Munthu mmodzi, mbiri imodzi, masiku ndi zaka zofanana m'mapepala onse awiri. Mabwana awiriwo akanati akumane n'kuyerekeza mapepalawo, sakanapeza potsutsana. Umenewo ndiwo muyeso woyamba umene ndimauza aliyense: ma CV anu asiyane poyambira ndi potsindika, koma asatsutsane.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bodza lambiri la m'ma CV limabadwa m'manyazi. Tinaleredwa kuti kudzitchula wekha ndi matama, ndiponso kuti ntchito yeniyeni ndi ya muofesi yokha. Mnyamata amene wayendetsa okala ya bambo ake zaka zinayi, kupikula katundu, kusunga buku la ngongole, kukambirana mitengo ndi amwenye a ku Limbe, amachita manyazi kulemba zimenezo. M'malo mwake amapeka kampani imene kulibe n'kudzipatsa udindo wa Chingerezi chovuta. Msungichuma wa mpingo amene chaka ndi chaka amawerenga lipoti la ndalama pamaso pa akuluampingo, anthu ovuta kuposa maodita, salembapo kanthu. Mtsikana amene MEC inamulemba ganyu pa chisankho cha pa 16 September 2025, n'kukhala pamalo oponyera voti usiku wonse mpaka mavoti atawerengedwa, amati imeneyo inali ganyu chabe. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ife tafika poipitsitsa: mbewa yathu ikusiya mapira ake enieni kuuna, n'kutuluka itavala chikopa cha gologolo.

Tsono malire ali pati? Anthu amakonda kunena kuti nkhaniyi ndi yovuta, kuti pali malo ena pamene choona ndi bodza sizisiyanitsika bwino. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri malire amaoneka bwinobwino, kungoti sitifuna kuwayang'ana. Kusankha choyambira, kufupikitsa chosafunika, kugwiritsa ntchito mawu a pa chilengezo pofotokoza chinthu chimene munachitadi, zonsezi n'zololedwa ndipo n'zofunika. Ngati chilengezo chikuti akufuna wodziwa kusamalira makasitomala, ndipo inu munakhala pa kauntala ya sitolo zaka ziwiri, lembani ndi mawu awo omwewo, chifukwa ndi zimene munkachita. Bodza limayamba pamene mwasintha chinthu chimene munthu wina angathe kuchitsimikiza kapena kuchitsutsa: dzina la udindo, tsiku loyamba ndi losiya, pepala la sukulu, kuchuluka kwa anthu amene munkawayang'anira, malipiro amene munkalandira. Munali wothandizira wa akawunti, mwalemba kuti munali akawuntanti. Munagwira miyezi isanu ndi iwiri, mwalemba "2022 mpaka 2023" ndi cholinga choti ziwoneke ngati zaka ziwiri. Munali mmodzi mwa anthu khumi pa pulojekiti, mwalemba kuti munaitsogolera. Apa pamapeto pamaterera kwambiri, chifukwa kusiyana kwa "ndinathandiza" ndi "ndinatsogolera" ndi liwu limodzi, ndipo dzanja limalemba lokha. Njira yabwino ndi kutchula gawo lanu lenileni. Ngati pa pulojekitiyo inu ndinu amene munkakonza za mayendedwe ndi malo a misonkhano, nenani zimenezo. Wowerenga amakhulupirira kanthu kakang'ono kooneka kuposa udindo waukulu wopanda nyama.

Za sukulu ndiye sizifuna n'kukambirana komwe. Ngati munalekezera chaka chachitatu chifukwa cha fizi, lembani kuti munaphunzira zaka zitatu ndipo simunamalize. Zaka zitatuzo ndi zanu, palibe angakulandeni, koma digiri si yanu. Ngati mukudikira zotsatira, nenani kuti mukudikira. Ngakhale dzina la sukulu lilembedwe monga lilili pa satifiketi. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Amene anamaliza kugawaku kusanachitike pepala lake likunena University of Malawi, ndipo CV inene chomwecho, kuti wofufuza asapeze maina awiri osiyana n'kuyamba kukayika zinthu zopanda vuto. Kumbukiraninso kuti mapepala ali ndi eni ake amene angafunsidwe: MANEB pa MSCE, NCHE pa nkhani yoti koleji yanu ndi yovomerezeka kapena ayi, TEVETA pa ntchito zamanja, ICAM pa owerengera chuma, khonsolo ya anamwino ndi azamba pa anamwino.

Pali kabodza kena kamene timakaona ngati kopanda mano, ka pa gawo la maluso. Pafupifupi CV iliyonse imati mwini wake ndi katswiri pa kompyuta. Tsiku lina ku intavyu kunabwera bambo wovala bwino, wolankhula mwaulemu, CV yake ikuti ndi katswiri wa Excel. Mnzanga wina anangotembenuza laputopu n'kunena kuti, "Bambo, tatiphatikizirani manambala a mu mzere uwu." Bamboyo anayang'ana laputopu, anayang'ana ife, kenako anatulutsa foni m'thumba kuti awerengere pa kakyuleta. M'chipindamo munangoti zii. Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchitoyo sinkalira Excel kwenikweni. Akanalemba kuti amadziwa kutaipa ndi kutumiza maimelo, ndipo Excel akuphunzira, mwina tikanamutenga, chifukwa pa zina zonse anali bwino. Koma kuchokera pa mphindi imeneyo mzere uliwonse wa pa CV yake tinayamba kuuona ndi diso lina. Zaka zisanu analembazi n'zoona? Laisensi ya galimotoyi iliko? Bodza limodzi laling'ono linadetsa zoona khumi.

Ndikudziwa chimene ena akunena mumtima pofika pano, ndipo sindichipeputsa. Akuti: inu mukulankhula mutakhuta. Dziko lino ntchito kulibe. Ndani waiwala June 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana anthu ku ma intavyu ongofikirapo, achinyamata zikwizikwi n'kukhamukira kumalo ochitira mayesowo, mpaka ku Mzuzu anthu ambiri kuvulala pokanganirana kulowa pageti? Chaka chomwecho tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni pa misonkhano ya kampeni, ndipo aliyense ali ndi maso, anaona yekha mmene zinathera. Olemba ntchito nawo amafuna zaka zisanu za luntha pa ntchito ya ukalaliki imene munthu angaiphunzire m'sabata ziwiri. Zaka zisanuzo mwana womaliza kumene sukulu azitenga kuti, ngati aliyense akukana kumupatsa chaka choyamba? Pamwamba pa apo pali ntchito zimene zimalengezedwa mwini wake atapezeka kale, mwana wa mlongo wa bwana, chilengezo n'kungokhala chophimba m'maso. M'dziko lotere, akutero, woona mtima ndi amene amagona ndi njala, ndipo kunama pa CV ndi kungobwezera moyo umene wayamba kukunamiza.

Zambiri mwa izi n'zoona, ndipo olemba ntchito ali ndi mlandu wawo. Amene amalemba "zaka zisanu" mwachizolowezi, osaganiza ngati ntchitoyo ikuzifunadi, ndi amene akuphunzitsa ana athu kunama. Amene safuna kuvutika kuimbira foni mboni zolembedwa pa CV akupereka mphotho kwa onama, n'kulanga oona. Sindinganene kuti wonama aliyense amagwidwa. Alipo amene analowa ndi pepala labodza ndipo akudya bwino mpaka lero, tonse tikuwadziwa kapena tikuwaganizira.

Koma taonani chimene wonamayo wagula. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, pa gawo 59 limalola bwana kuchotsa munthu nthawi yomweyo, popanda notisi, pa zifukwa zingapo. Chimodzi mwa izo ndi kusowa luso limene wantchitoyo ananena kapena kusonyeza kuti ali nalo. Ndiye kuti mzere uja munawonjezera usiku pa CV ndi chingwe chimene mwapereka nokha m'manja mwa bwana, ndipo angachikoke tsiku lililonse limene mwasemphana, ngakhale patapita zaka. Lamulo lomwelo limalola nthawi yoyesedwa pa ntchito kufika miyezi 12 kwa antchito aluso, ndipo m'nthawi imeneyi mgwirizano ungathe popanda notisi. Miyezi imeneyo ndi yokwana kuti aliyense aone ngati mumadziwadi kuyendetsa thirakitala. Mukafika popanga satifiketi yabodza kapena kalata ya chidindo chabodza, nkhani yachoka ku ofesi ya bwana yapita kupolisi, chifukwa kupanga ndi kupereka chikalata chachinyengo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino.

Abale athu amene ali ku Joni adziwenso kuti kumeneko anakhwimitsa. Mu 2019 South Africa inasintha lamulo lake la za mapepala a maphunziro, ndipo kunama kuti uli ndi pepala limene ulibe ndi mlandu woti munthu angakhale kundende mpaka zaka zisanu. Anafika pamenepo atapsa kangapo. Daniel Mthimkhulu anali mkulu wa mainjiniya ku PRASA, kampani ya boma ya sitima zonyamula anthu, akudzitcha dokotala wa zauinjiniya ndi mapepala amene analibe. M'nthawi yake kampaniyo inagula ku Spain mitu ya sitima imene inapezeka kuti ndi yaitali m'mwamba kupitirira muyeso wa njanji zina za dzikolo. Mu 2024 khoti linamugamula zaka 15. Ku America nako, Scott Thompson anakhala mkulu wa kampani ya Yahoo miyezi inayi yokha mu 2012. Munthuyu digiri anali nayo yeniyeni, ya zowerengera chuma, koma mbiri yake inkanena kuti alinso ndi ya sayansi ya makompyuta. Ntchito anaipeza kale, luso anali nalo, koma kamzere kowonjezera kamodzi kanamutsitsa pampando.

Kwathu kuno chimene chimagwira anthu msanga si khoti ayi, ndi kuchepa kwa dziko. Anthu a ntchito imodzi amadziwana. Wa akawunti wa ku Mzuzu anaphunzira limodzi ndi wa ku Zomba, amakumana ku maphunziro kunyanja, ali pa gulu limodzi la WhatsApp. Mukalemba kuti munagwira kubungwe lakutilakuti, mwayi ndi waukulu kuti mmodzi mwa okhala pa intavyu ali ndi nambala ya munthu wa kumeneko, ndipo saimbira mboni imene mwalemba inu, amaimbira mnzake. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wogwidwa kamodzi dzina lake limayenda m'magulu amenewo kuposa CV yake.

Ndipo tisamaiwale amene waberedwa. Timakonda kuganiza kuti wonama pa CV wapusitsa kampani yolemera, ndiye palibe wolira. Koma pa mpando umene wakhalapowo panayenera kukhala munthu wina, mwina mnzake wa kalasi imodzi amene analemba zoona n'kutsalira pa nambala yachiwiri. Wolova akamabera wolova mnzake sitinganene kuti wabwezera dziko. Ntchito zina ndiye bodza lake limagwera anthu osalakwa: wodwala amene akubayidwa jakisoni, ana amene akuphunzitsidwa masamu ndi munthu amene analephera masamu, okwera basi imene dalaivala wake laisensi anagula.

Masiku ano kwabweranso mlembi watsopano. Kale tinkapita kwa mnyamata wa pa kafe ya intaneti, amene anali ndi CV imodzi mu kompyuta n'kumangosintha dzina, moti tinkalandira makalata asanu onse akuti amakonda kuwerenga mabuku ndi kupanga abwenzi atsopano. Tsopano kuli ChatGPT ndi anzake, kuyambira kumapeto kwa 2022. Sindidana nazo. Kwa munthu amene Chingerezi chimamuvuta, chida chimenechi chingamuthandize kuwongola ziganizo ndi kuona mawu ofunika pa chilengezo. Vuto ndi lakuti chimakonda kukometsera, ndipo mukachipatsa chilengezo n'kuchiuza kuti chikulembereni CV yogwirizana nacho, chikupatsani maluso amene simunawalotepo. Chimalemba mosalala moti mwini wake amayamba kukhulupirira. Ku intavyu chidacho sichibwera nanu. Choncho musanatumize, werengani mzere uliwonse mokweza, n'kudzifunsa m'Chichewa chomveka: ndinachita liti, kuti, ndipo ndani anandiona? Mzere umene ukukanika mafunso atatuwa uchoke, ngakhale ukumveka bwino chotani.

Pali malo amodzi pamene inenso ndimayamba ndakanda mutu: kusiya osalemba. CV si kuulula machimo kwa abusa, ndipo simukakamizidwa kulembamo chilichonse. Ganyu ya miyezi iwiri yosagwirizana ndi ntchito mukufunayo ingatsale. Chipembedzo, mtundu, chiwerengero cha ana, zimenezo siyani pokhapokha atafunsa, chifukwa nthawi zambiri zimangopatsa wokondera pogwira. Nanga amene ali ndi digiri koma akufunsira ntchito ya MSCE, poopa kuti amukana kuti waphunzira mopitirira? Ine ndimati angathe kuisiya pa CV, poti sakudzikuza ndi chimene alibe, koma akafunsidwa maso ndi maso, kapena fomu ikanena kuti lembani maphunziro anu onse, ayankhe zoona. Chimodzimodzi amene anachotsedwa ntchito. Palibe chifukwa cholembera pa CV kuti "ndinachotsedwa", koma kusuntha masiku kuti ntchitoyo isaoneke, kapena kunena ku intavyu kuti kontirakiti inangotha pamene munathamangitsidwa, kumeneko ndi kuthira madzi mumkaka. Ndi bwino kukonzekeratu ziganizo ziwiri zoona, zosanyoza bwana wakale, zonena chimene chinachitika ndi chimene munaphunzirapo. Ambiri sadziwanso kuti lamulo la ntchito lija limapatsa wantchito ufulu wopempha satifiketi posiya ntchito, yosonyeza nthawi imene wagwira ndi udindo wake, ndipo chifukwa chosiyira chimalembedwapo pokhapokha mwini wake atapempha. Kapepala kameneko n'kamtengo wapatali kuposa kalata yogula kwa dobadoba.

Mipata ya zaka nayo isakuchititseni mantha mpaka kupeka ntchito. Okhala pa intavyu ndi anthu a dziko lomwe lino. Akudziwa kuti munthu amatha zaka ziwiri akudwazika mayi ake, akulera mwana, akulima fodya kumudzi, kapena ali ku Joni kugwira ntchito za m'nyumba ndi m'magalaji. Mzere umodzi wonena zoona umatseka mpata umenewo, ndipo kawirikawiri mumapezeka luso loti n'kulitchula. Amene analima maekala awiri a soya, kulemba aganyu, kusunga ndalama za fetereza ndi kukagulitsa yekha, ali ndi choti anene kukampani yogula mbewu kuposa amene anangokhala muofesi kudinda makalata.

Kunena zoona, njira imene ndikulimbikitsayi ndi yotopetsa. Kulemba CV yatsopano pa ntchito iliyonse kumadya nthawi, kumadya bandulo, ndipo kwa amene alibe laputopu ndiye kuti ulendo wina wa ku kafe. Chimene chimathandiza ndi kukhala ndi CV imodzi yaitali yosatumiza kulikonse, nkhokwe, mmene mwalembamo chilichonse chimene munachitapo ndi masiku ake enieni ndi dzina la munthu amene angachitire umboni. Ntchito ikatuluka mumangotapa m'nkhokwemo zogwirizana nayo. Ubwino wake wina ndi wakuti masiku sasokonekera, chifukwa onse akuchokera pamalo amodzi. Ndipo m'malo mwa makalata 20 pa sabata mutumiza anayi kapena asanu, amene mwawerenga chilengezo chake mpaka pansi n'kuona kuti mukukwanira pa zambiri. Musadikire kukwanira pa zonse. Ngati akufuna zaka zitatu inu muli ndi ziwiri, tumizani, lembani ziwirizo, ndipo m'kalata yoperekeza nenani chifukwa chimene mukuonera kuti ziwirizo n'zolemera. Kangapo konse tinaitana anthu otere, chifukwa amene anali ndi zaka zokwana pa pepala analephera kufotokoza chimene ankachita m'zakazo.

Mwana wa mchemwali wanga uja ntchito ya kafukufuku sanamuitane n'komwe, ndipo anandiyang'ana ndi diso loti "mwaona, amalume?" kwa sabata zingapo. Ku ukeshiya anamuitana. Akuti mayi wina wa pa gulu lofunsalo anasiya dipuloma, anasiya miyezi itatu ya ku ofesi ya boma, n'kukakamira pa banki m'khonde: mumatani membala akalephera kubweza, ndalama zikasowa m'bokosi mumayamba kufunsa ndani, pogawana kumapeto kwa chaka mumawerengera bwanji phindu la aliyense. Anayankha kwa mphindi khumi osapuma, poti ndi zinthu zimene amachita Lachinayi lililonse pansi pa mtengo wa mango. Mawa lake kampaniyo inaimbira mboni yake yachiwiri, tcheya wa banki m'khondeyo, mayi amene sukulu analekezera Sitandade 6. Foni inawapeza ali kudimba, ndipo akuti anauza woimbayo kuti adikire kaye asambe m'manja, chifukwa nkhani ya mwana ameneyu ndi yaitali.